Besibolo pa Tsiku Londisudzula

Mukandiona ku tchalitchi nditamanga duku mpaka m'zikope, musamati ndi maliro okha. Maliro alipo, inde, koma pansi pa dukupo pali chotupa chimene chikuphwa mwaulesi, ndipo mwendo wakumanzerewu ndimachita kuukoka ngati si wanga. Anthu a kuno ku Mualadzi nkhaniyi aifotokoza kale m'njira zambirimbiri, ena mpaka akuti ndidagwidwa ndi mizimu. Ndiye ndaona kuti ndi bwino ndinene ndekha, poti manyazi ake mwini wake ndine.

Malemu amuna anga, bambo a Felisita, ndidakumana nawo ku Zambia tili kothawa nkhondo. Iwo adali aakulu kale, imvi zitayamba, ine ndikadali ndi mano onse. Nkhondo itatha tidabwerera, iwo n'kudzakhala kwathu kuno pachikamwini. Chuma chimene adalowa nacho m'banja chidali jekete, wailesi yosalankhula, ndi chibonga chimodzi chosalala bwino, chonenepa kumutu, chowonda kogwirira. Ankati n'cha mpira wotchedwa besibolo, umene adasewera ali mnyamata ku migodi ya mkuwa, nthawi ya azungu, ine ndisadabadwe.

Mpira umenewu ine sindidauonepo ndi maso. Koma kuumva, abale anga, ndidaumva. Ndidaumva popalira, ndidaumva pokolola, ndidaumva ndikudwala malungo. Akazi anzanga amuna awo ankawavuta ndi kachasu, anga ankandivuta ndi chaka chimodzi chokha cha mpira.

"Chaka chimenecho, mayi a Felisita, tidayamba ngati nkhuku zovumbwa," ankayamba choncho, chibonga chili pamiyendo.

Ankati timu ya mgodi wawo idagonja masewero onse oyambirira, chifukwa woponya mpira ankabwera atalawa kale. Anthu adayamba kuwaseka, ana n'kumawaimba nyimbo m'komboni. Kenaka bwana adachotsa chidakwacho, n'kupeza munthu wina wamanzere, wamtali, wosaseka, amene mpira wake unkakhota uli m'malere. Basi, adayamba kupambana. Mgodi uwu augonjetsa, mgodi uwo augonjetsa, mpaka kudatsala sewero limodzi, mitambo ya mvula yoyamba itadera kale. Ndipo ankati ankalipidwa chifukwa chosewera. (Tangoganizani, mwamuna wandevu kulandira malipiro chifukwa chomenya kampira n'kuthawira kwawo. Ine ndalima moyo wanga wonse, palibe adandiomberapo m'manja.)

Pa sewero lotsirizalo anzawo onse adaphonya. Mwadziwa kale amene adatsala. Bambo a Felisita adalavulira m'manja, n'kumenya mpira uja, mpirawo n'kuuluka. M'nkhani yawoyo, titangokwatirana mpirawo unkagwera kuseri kwa mpanda. Felisita atayamba sukulu udayamba kudumpha njanji. Chaka chatha, iwo ali gone pamphasa miyendo itatupa, udagwera m'sitima yonyamula mkuwa n'kupita nayo kunyanja yamchere.

Malamulo ake ndidawaloweza osafuna. Woponya amaima pakati pa bwalo, womenya amaima pakhomo. Pali nyumba zitatu zozungulira. Ukaphonya katatu, watuluka. Ukamenya, umataya chibonga n'kuthamanga, nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndipo pobwerera pakhomo umadzigwetsa n'kutsetsereka m'fumbi, miyendo patsogolo. Kutsetserekako ankakunena maso atatsinzina, ngati akudya uchi.

Adatisiya chimanga chikuuma m'minda. Adapita mwakachetechete, zimene sadazichitepo ali moyo. Tidawaika, tidameta, anthu adabalalika, nyumba idakula.

Kutentha kutayamba, abale awo adatumiza mawu kuti akubwera kudzandisudzula, kundimasula paumasiye ndi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Adabwera kuchokera ku Nsadzo, ena panjinga, ena pansi. Wotsogolera adali mlongo wa malemu, alamu anga aNaphiri, mayi wamfupi wa mawu aatali. Mwana wawo Zakeyo, amene ali ndi baraka yogulitsira sopo ndi zakumwa ku Cassacatiza, pamalire a Zambia, adafika pa mota yake, njinga yamoto ija, fumbi lili tolo, kuti aliyense adziwe kuti muphwa wa malemu wafika.

Ine ntchito yanga tsiku limenelo idali imodzi, yosavuta: kukhala pamphasa, kuzyolika, osayankhula. Wondiyankhulira adali nkhoswe yanga, achimwene anga a Lusiyano. Mwana wakhanda akadaitha ntchito imeneyo.

Poyamba ndidaitha. Jekete idapita, ndili chete. Nsapato zidapita. Njinga idapita, nkhwangwa idapita, wailesi yosalankhula ija adaikanganirana anthu awiri (mwina iwo idzawalankhula). Ine duu, ngati mtondo.

Kenaka Zakeyo adatuluka m'nyumba atagwira chibonga.

"Ichi ndiye chindithandiza," adatero akuchiyesa m'manja. "Akuba a pamalire aja aona zakuda. Chizigona kuseri kwa chitseko cha baraka."

Ndikuuzeni zoona. Jekete ndi nsalu, njinga ndi chitsulo. Koma chibonga chija chinkaima pangodya kumutu kwa mphasa yathu, ndipo ndikachiona ndinkangomva ngati mwini wake watuluka pang'ono, abwera posachedwa kudzayambanso nkhani yake yotopetsa ija. Tsono chipite kukaswa mitu ya zidakwa za pamalire?

"Chimenecho chisiyeni."

Ndidachita kudabwa kuti mawuwo atuluka m'kamwa mwanga. Bwalo lonse lidatembenukira kwa ine.

"Achemwali," adanong'ona a Lusiyano, "woyankhula pano ndine."

"Ndiye yankhulanitu."

"Ndikuganiza kaye."

ANaphiri sadadikire kuti achimwene amalize kuganiza, poti akadagona pompo. "Alamu, mwambo mukuudziwa. Zida za mwamuna zimabwerera kwawo. Uta, mkondo, nkhwangwa, chibonga. Inu zanu ndi miphika, ndipo palibe wakhudza miphika yanu."

"Si chida chimenecho. N'choseweretsa."

"Choseweretsa? Nkhalamba ija idali ndi zidole?"

"N'cha besibolo."

"Iii, besibolo!" adaomba m'manja aNaphiri. "Tonse tidaimva mpaka makutu kuwawa. Adaiona ndani? Inu mudaiona? Ine ndimati achimwene adangotola chibonga cha mlonda wa pamgodi, n'kuchipekera nthano panjira."

Anthu adaseka. Apa ndiye padalowa satana. Kuti amuna anga ankawonjezera nkhani, ndinkanena ndekha tsiku ndi tsiku, iwo akumva. Koma ameneyo adali udindo wanga. Wina asawanene abodza pabwalo panga, dothi la pamanda awo lisadamere udzu.

"Ine besibolo ndimaidziwa," ndidatero. "Adandiphunzitsa." (Kumva ndi kuphunzira ndinkayesa n'chimodzi. Sukulu ndidalekeza kalasi yachiwiri, mundikhululukire.)

ANaphiri adakonza duku lawo loyera, lija amavala pa misa zikuluzikulu. "Chabwino. Tionetseni. Mukamenya monga ankanenera achimwene, chibonga n'chanu, ndipo ine ndipepesa. Mukalephera, chikwera mota."

Munthu wanzeru akadati mutu ukundipweteka. Ine ndidaimirira, n'kumanga molimba kapulana yanga, chitenje chakuda chija, n'kuyamba kulamula akuluakulu a midzi iwiri ngati kapitawo. Nyumba yoyamba ndidati ndi mtondo. Yachiwiri nkhokwe. Yachitatu mtengo wa mango. Pakhomo ndidayala thumba la feteleza chapafupi ndi kitchini, osayang'ana kuti pambali pake ndi pamene amayi ophikira alendo ankakhuthulira madzi a mphale ndi otsukira mbale chiyambire dzulo lake. Ndidalongosolanso malamulo onse mokweza, ndi lija lophonya katatu lomwe. Palibe adandifunsa za lamulo limeneli. Ndidalipereka ndekha, mwaulere, kwa adani anga.

Mpira padalibe. Mayi wina wa ku Nsadzo adamasula kapulana yake n'kutulutsa dzaye limene adathyola panjira, losapsa bwino, chigoba chake ngati mwala wa kumtsinje.

"Lingachite?" adafunsa.

"Ndi lomwelo," ndidayankha ngati ndidagwirapo weniweni.

Kudatsala woponya. Amuna onse adayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Ndani angagende mkazi wamasiye pamaso pa anthu? Ndiye aNaphiri adaloza munthu amene adabisala kumbuyo kwa onse: akamwini anga, amuna a Felisita. Munthu ameneyu ali ndi dzanja. Nkhanga amaigwetsa ndi mwala ikuthamanga. Koma alinso ndi ulemu woopsa, wa makedzana. Chikwatirire mwana wanga sadandiyang'anepo kumaso. Tikakumana panjira amalowa patchire, minga kapena ayi. Akafuna kundipatsa moni amaima kuseri kwa nkhokwe n'kutuma mkazi wake.

"Akuti sangathe, amayi," adatero Felisita atanong'onezedwa.

"Athe," adatero aNaphiri. "Alendo tachokera kutali."

Adabwera pakati pa bwalo ngati wopita kukanyongedwa. Adavula chipewa, adanjuta, adaomba m'manja mwaulemu. Ndiye adaimirira, n'kutembenuza nkhope yonse kuyang'ana kukhola la mbuzi, n'kuponya.

Dzaye lidapita kwina, kwa nkhuku zimene zinkafukula pansi pa mpanda. Koma ine nditaona mkono wagwedezeka ndidazunguza chibonga ndi mphamvu zanga zonse. Chibonga chidandizunguza ine. Ndidapezeka ndayang'ana kumene ndidafulatira, nkhuku zikulira, anthu atagwira pakamwa.

"Kamodzi!" adafuula aNaphiri, chala m'mwamba. Lamulo adaligwira msanga kuposa katekisimu.

"Felisita, auze amuna akowo ayang'ane kuno!"

"Akuti sangathe, amayi, ndinu apongozi."

"Lero sindine apongozi, ndine womenya!"

Adanong'onezananso. "Akuti ngakhale mumenye, ndinu apongozi basi." Kenaka adawonjezera: "Akuti muyankhule mokweza, amve pamene muli, aponya molondola."

Ndidaona kuti ndi nzeru yabwino. (Mukuona mtundu wa munthu amene akukuuzani nkhaniyi.) Ndidakweza chibonga paphewa monga ankachitira malemu, n'kufuula, "Ndili pano!"

Ndanena kale kuti munthuyu ali ndi dzanja. Sadaphonye. Adaponya pamene padachokera mawu, ndipo mawu amachokera kumutu. Dzaye lidandipeza pachipumi penipeni, pamutu wometa wopanda ndi tsitsi lomwe londitchinjiriza. Lidalira kuti gu, ngati wagogoda chipanda. Ndidakhala pansi osakonzekera, m'maso mdima, m'makutu mabelu a Pasaka.

Akamwini anga sadacheuke. Ndidangowamva akuyankhula kwa Felisita, nkhope ikadali kumbuzi.

"Akufunsa ngati akuphani," adatero Felisita akundipemerera ndi mbale.

"Auze ayesenso."

"Kawiri!" adatero aNaphiri.

"Ayi!" ndidakana ndili pansi pomwepo. "Mpira ukamenya munthu, munthuyo amapita nyumba yoyamba waulere. Ndi lamulo."

"Onani, malamulo akumera pompano ngati bowa. Bwanji simudalinene poyamba?"

Tidayang'ana a Lusiyano kuti aweruze, poti ndiwo nkhoswe. Achimwene anga enieni, a bere limodzi, adakanda m'mutu n'kunena kuti kunena chilungamo chibonga sichidakhudze dzaye, ndiye ndi kawiri. Kenaka adagwada pambali panga.

"Achemwali, zisiyeni. Taonani chipumi chikumera nyanga. Ndikusemerani china cha muwanga, chokongola kuposa ichi."

"Chimenecho mudzakasewere nacho ndinu."

Ndidadzuka mogwira chibonga ngati ndodo. Diso limodzi lidayamba kutsekeka. Zakeyo adali atayamba kale kumasula chingwe cha kumbuyo kwa mota, chomangira katundu wake. Kudatsala kamodzi.

Koma kugendedwa kumatsegula mutu. Ndidaganiza kuti ngati munthuyu amaponya pamene pali mawu, ndiye mawu akhale pena, mutu pena. Ndidafuula kuti "Ndili pano!" n'kudumphira m'mbuyo, n'kutsinzina diso lotsalalo, n'kuzunguza.

Phwaa!

Manja adachita dzanzi mpaka m'mapewa. Nditatsegula diso ndidaona chinthu chimene ndidzapita nacho kumanda: aNaphiri ali chiimire, nkhope yonse ndi duku loyera lija zili phala la dzaye, nthanga imodzi itamatirira pamphuno. Dzaye silidadumphe mpanda. Lidaphulika.

Sindidadikire. Lamulo limati ukamenya taya chibonga, thamanga. Ndidataya chimene chidali m'manja, n'kuliyatsa liwiro. Mkazi wamasiye, wa zidzukulu, wovala zakuda, pa tsiku lomusudzula.

Ndidagunda mtondo ndi phazi. Apa akamwini anga adamva mapazi, ndipo poona m'mbali mwa diso kuti apongozi akubwera, adachita zimene amachita nthawi zonse: adathawira kuseri kwa nkhokwe. Koma nkhokwe ndiyo nyumba yachiwiri. Atandiona ndatulukira pomwepo adakuwa kuti "Mayo!" n'kuthawira kumtengo wa mango. Nyumba yachitatu. Anthu obwera mochedwa adangoona ine ndikuthamangitsa mkamwini kuzungulira bwalo, chipumi chili chotupa, dzanja limodzi litagwira kapulana imene idayamba kutsika, iye akufuula kuti "Pepani amayi, sindidachitire dala!" Amayi ena adayamba nthungululu osadziwa chimene akusangalalira. Pa mango adakwera mumtengo, ndiye adapulumuka.

Kudatsala pakhomo. Mpweya udali utatha, koma ndidati ndafika apa, nditsirize monga ankanenera. Ndidadzigwetsa, miyendo patsogolo.

Malemu ankatsetsereka m'fumbi. Ine ndidatsetsereka m'matope a madzi a mphale, owawasa, a masiku awiri. Thumba la feteleza ndidalipitirira ngati sindikulidziwa. Ndidakaima ndi beseni la thobwa limene adaikira akuluakulu, ndipo thobwalo lidandithira lonse kuyambira m'khosi. M'chiuno mudalira kuti thyo.

Ndili chagada choncho, ntchentche zitayamba kundipeza, ndidafunsa funso limodzi: "Ndamenya kapena sindidamenye?"

Onse ankayang'ana kumene kudali mota. Nditatembenuza mutu ndidaona Zakeyo ataima pa mota yake, atagwira mutu wa chibonga. Mutu wokha. Chogwirira chidali pamene ndidachitaya. Chibonga chija chidali chitafumbwa m'kati, kunja kokha kusalala, ndipo chitakumana ndi dzaye chidaduka pakati. Mutu wake udauluka n'kukaswa nyali ya mota.

"Nyali yanga," adatero Zakeyo ndi mawu a mwana. "Amalume, nyali yanga." Ankadandaulira malemu, ngati ndiwo adamenya.

ANaphiri adabwera pang'onopang'ono akupukuta kumaso ndi nsonga ya kapulana. Ndidati lero ndimva mawu onse amene adasunga chikwatiwire ine. Adandiyang'ana, adayang'ana mkamwini mumtengo, n'kuyamba kuseka. Adaseka mpaka adakhala pansi m'matope momwemo. Kenaka kuseka kuja kudasanduka kulira, kulira kwenikweni, kotchula dzina la mlongo wawo laubwana limene ine sindinkalidziwa. Inenso ndidalira, diso limodzi.

Atatonthola adamina, n'kunena kuti, "Achimwene ali mnyamata ankaphonya ndi mbuzi yomangirira yomwe. Kaya kumigodi adakaphunzira, kaya. Koma kutsetserekako ndi komweko ankanena. Ndapepesa, alamu. Tengani nkhuni zanuzo."

Mwambo adautsiriza ine ndili gone chammbali pamphasa, ndikununkha mphale. Mkulu wina wa kwawo adaimirira n'kunena mawu aja, akuti kuyambira lero mayiwa tawamasula, akapezeka wowafuna akwatiwe, ife tilibe nawo mlandu. Anthu onse adandiyang'ana, nyanga pachipumi, gaga m'makutu.

"Musade nkhawa," adatero a Lusiyano. "Sabwera msanga." Awa ndiwo mawu okhawo amene nkhoswe yanga idayankhula osaganiza kaye.

Zakeyo adanyamuka dzuwa likadalipo poti nyali adalibe, tambala wanga wofiira atamangidwa kumbuyo kwa mota ngati chipepeso. Ine adandinyamula akamwini anga panjinga yobwereka kupita kuchipatala. Panjinga wopalasa amafulatira wokwera, ndiye ulendo wonse adali womasuka, mpaka adandifunsa yekha, pakamwa pake, ngati mabampu akundipweteka. Adokotala atafunsa chimene chidachitika ndidati besibolo. Adandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa Felisita ngati ndayamba kale kuyankhula zosamveka kapena zayamba lero.

Zidutswa ziwirizo ndidazilumikiza ndi mphira wa chubu cha njinga. Sizikugwirana bwino, mutu umapendama. Chibonga chimene chidachoka kumigodi chathunthu, chidaoloka malire kangapo, chidapulumuka nkhondo, chidapulumuka ana ndi zidzukulu, chidathyokera m'manja mwa munthu amene ankachiteteza. Ndikadasunga pakamwa panga, bwenzi chili chathunthu kwa eni ake ena. Ndidatsegula pakamwa, ndiye ndi changa, chothyoka. Masiku ena ndimaona kuti ndidapambana, masiku ena chiuno chimandiuza zina.

Amayi a mumphakati wathu wa ku tchalitchi adabwera kudzandizonda, atanyamula ufa ndi malangizo. Akuti ndaphunzirapo kanthu, kuti mkazi wamasiye akauzidwa kuti akhale pamphasa, azikhala pamphasa. Adandifunsa ngati ndingadzachitenso zoterozo. Ndidati ayi, sindidzachitanso, ndipo adapita okondwa kuti ndalapa.

Sindidawanamize. Chibongacho chidali chimodzi chokha.